PHUNZIRO LA NTCHITO ZA MANJA: ZA KUSEMERA ANA ZIDOLE ZA MTENGO

Phunziro la mwezi uno linena za ntchito imene ambiri aiyesa yachabe, ndiyo yosemera ana zidole za mtengo. Sitinena za amisiri osema ziboliboli zogulitsa kwa alendo, pakuti iwo ali nawo aphunzitsi awo. Tinena ndi inu atate, amalume ndi agogo, ndi inu amayi amene dzanja lanu lazolowera mpeni, inu amene mukatha kukolola ndi kumanga nkhokwe mutsala ndi masiku ambiri opanda ntchito yolemetsa kufikira nyengo yososa. M'masiku otere munthu akhoza kukhala pamthunzi ndi kamtengo m'manja, nasemera mwana wake nguli, kapena ngolo, kapena ng'ombe, osati chifukwa cha ndalama, koma chifukwa ntchitoyo ikondweretsa mtima wa wosema ndi wa wolandira yemwe.

Koma tiyenera kunena poyamba pomwe mau amene ali mutu wa phunziro lonse. Chidole ndi chinthu chaching'ono, koma chilowa m'manja ndi m'kamwa mwa munthu wosadziwa kudzisunga. Chitseko chikakhala chopotoka, mwini wake aona yekha, nabwerera kwa mmisiri kukadandaula. Mwana wa zaka ziwiri sadandaula. Iye aluma, anyambita, aponya pansi, ndipo chimene chathothoka achimeza. Chifukwa chake wosema chidole ayenera kusamala koposa wopanga chitseko, pa kusankha mtengo, pa kulumikiza, ndi pa chimene adzoza pamwamba pake.

ZA AKAVALO A KU DALARNA

Tiyambe ndi chitsanzo cha anthu akutali, kuti tione chimene mpeni umodzi ukhoza kuchita. Pakati pa dziko la Sweden pali chigawo chotchedwa Dalarna, cha nkhalango zazikulu za paini, ndipo m'menemo muli nyanja ya Siljan ndi mudzi waukulu wa Mora. Dzikolo lili kutali kumpoto, kotero kuti m'mwezi wa December usana sufika maola 6, ndipo madzi auma nasanduka ngati mwala. Kale amuna a kumeneko ankapita kunkhalango m'nyengo yozizirayo kukadula mitengo, nagona m'misasa ya zipika kutali ndi mabanja awo. Madzulo anali aatali. Tsono pokhala pamoto anatenga tizidutswa ta paini totsala pa ntchito ya tsikulo, nasema ndi mipeni yawo zidole zokapatsa ana pobwerera kwawo. Chimene anasema kawirikawiri ndi kavalo, pakuti kavalo ndiye anali kuwakokera zipika m'nkhalango ndi kuwalimira m'munda, monga ng'ombe zichitira kwa ife.

M'zaka za m'ma 1800 midzi ina ya pafupi ndi Mora, ndiyo Bergkarlås, Risa, Vattnäs ndi Nusnäs, inadziwika ndi ntchitoyi. Anthu anayamba kupaka akavalowo utoto wofiira ndi kujambulapo maluwa, ndipo oyenda malonda anawatenga pamodzi ndi madengu ndi zina, nasinthanitsa ndi chakudya kapena malo ogona. M'chaka cha 1922 munthu wina wa ku Nusnäs, dzina lake Grannas Anders Olsson, anayamba kupanga akavalo ogulitsa, ndipo mu 1928 abale ake aang'ono, Nils ndi Jannes, anayamba ntchito yawoyawo, akali anyamata. M'chaka cha 1939 kavalo wamkulu wa mtunduwu anaimikidwa pa khomo la nyumba ya Sweden pa chionetsero cha maiko ku New York, ndipo kuyambira pomwepo anthu a maiko ena amuyesa chizindikiro cha dzikolo. Ku Avesta, m'chigawo chomwecho, kuli kavalo wa simenti wotalika mamita 13, woimikidwa mu 1989. Ku Nusnäs akali kusema akavalo kufikira lero. Macheka a makina adula maonekedwe ake, koma kumaliza kuchitika ndi mpeni m'dzanja la munthu.

Ife sitifotokoza izi kuti muyembekeze kutchuka kapena chuma. Tifuna muone zinthu zitatu. Choyamba, anthu aja sanagwetse mtengo chifukwa cha chidole, anasema zotsala. Chachiwiri, chipangizo chawo chinali mpeni wokha. Chachitatu, kavalo wawo ndi wonenepa miyendo, waufupi khosi, wopanda mchira wosongoka kapena makutu aatali. Wina angayese kuti osemawo sanadziwe maonekedwe a kavalo. Iyayi, anamudziwa bwino, popeza anakhala naye masiku onse. Koma anadziwanso kuti mwendo woonda uthyoka tsiku loyamba lomwe.

Kwathu kuno zidole sitichita kubwereka. Ana athu adziwa nguli. Adziwa timitondo, timinsi, timithiko ndi tizipande ta kumasanje. A kunyanja adziwa timabwato. Chisowa ndi akulu ofuna kukhala pansi ndi kuwasemera bwino, m'malo mowagulira za pulasitiki zimene zisweka sabata isanathe, nizisiya zidutswa zakuthwa pabwalo.

ZA KUSANKHA MTENGO

Lamulo loyamba ndi lomwe lija la anthu a ku Dalarna: musagwetse mtengo wamoyo chifukwa cha chidole. Pitani kwa mmisiri wa matabwa wa pafupi ndi kwanu, mumpemphe tizidutswa timene akanasonkhezera moto. Nthambi zosadzidwa pa mtengo wa pakhomo zikwaniranso. Mitengo yathu yabwino yachepa ndithu. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu. Phingo linalowa mu 2017 m'gulu la mitengo imene malonda ake pakati pa maiko ayang'aniridwa ndi pangano la CITES, ndipo mlombwa ndi mbawa zinalowamo mu 2023. Kukakhala kadutswa ka mlombwa kotsala kwa mmisiri, katengeni. Koma wodula mlombwa wamoyo kuti aseme ngolo ya mwana alanda mwanayo chinthu choposa chimene ampatsa.

Kwa woyamba kumene, malaina ndiwo abwino: ndi opepuka, amvera mpeni, ndipo sapindika kwambiri pouma. Paini asemekanso bwino, koma pewani mfundo zake, ndi mbali zotuluka utomoni. Gwafa ndi wolimba ndi wosalala, woyenera nguli ndi timitengo tolumikizira. Bulugamu ang'aluka pouma, natulutsa zizenga zolasa, choncho si wa zidole.

Ilipo mitengo imene isafike konse m'manja mwa mwana. Mwabvi tonse tiudziwa, ndipo sitifunika kunenapo zambiri. Nkhadze ndi mitengo ina yotuluka mkaka woyera ipsereza khungu ndi kuwononga maso. Mtengo uliwonse umene anthu apherapo nsomba kapena mbewa, kapena umene simudziwa dzina lake, usiyeni. Oopsa koposa ndi matabwa onyikidwa m'mankhwala oletsa chiswe. Ena a iwo aoneka obiriwira pang'ono, ndipo mankhwala ake kawirikawiri muli poizoni wotchedwa arsenic. Ku America analeka kugwiritsa ntchito matabwa otere pa nyumba ndi pa malo osewerera ana kumapeto kwa chaka cha 2003. Ena ndi akuda ndi onunkha phula la msewu, monga mapolo a magetsi ndi mitanda ya njanji. Matabwa akale opakidwa penti, ndi a mabokosi amene munali mankhwala a mbewu, asiyeninso.

Mtengo uyenera kuuma usanasemedwe komaliza. Mtengo wauwisi uli ndi madzi ambiri, ndipo pamene madziwo atuluka mtengo ufota. Koma taonani chinthu chofunika: sufota mofanana mbali zonse. M'litali mwake ufota pang'ono zedi, koma mozungulira ufota pafupifupi kawiri kuposa mmene ufotera kuchokera kukhungwa kulowa pamtima. Ichi ndi chifukwa chake chipika chosiyidwa chathunthu ching'aluka kuchokera pamtima. Tsono mukafuna kuumitsa nthambi, muiwaze pakati kuti mtima ukhale poyera, mumate phula la njuchi kunsonga zonse ziwiri, ndi kuisanja pamthunzi podutsa mphepo, yosagunda pansi. Musaiike padzuwa, kunja kudzauma msanga mkati mukali madzi, ndipo idzang'ambika. Amisiri a maiko ozizira amati thabwa lochindikala inchi imodzi lifuna chaka chathunthu. Kwathu m'chilimwe liuma msanga koposa apo, komabe ndi ntchito ya miyezi, si ya masiku. Mtengo wouma upepuka, ndipo mukaugogoda ulira momveka. Wofumbwa utayeni.

Dziwaninso mitsempha ya mtengo, ndiyo mizere ija iyenda m'litali mwa thabwa. Mtengo uli wolimba motsata mitsempha, koma uthyoka msanga moidutsa, monga mtolo wa udzu umene sungaduke poukoka koma upatuka mosavuta. Posema ng'ombe, miyendo itsate mitsempha, kuchokera pamsana kutsika kuziboda. Mukaigoneka mopingasa, miyendo idzathyoka mwana akangoigwetsa. Nyanga zikhale zazifupi ndi zobuntha, zosemedwa pa mtengo womwewo, zosachita kulumikiza.

ZA ZIPANGIZO

Zipangizo sizichuluka: mpeni waufupi wa chigwiriro chodzaza dzanja, kasemasema, macheka aang'ono, tupa, choboolera, pensulo, ndi mwala wonolera. Wopanda choboolera akhoza kuwotcha msomali waukulu pamoto ndi kuboola nawo, monga achitira anthu poika khasu mumpini, koma apale makala onse m'bowomo.

Mpeni wobuntha ndiwo ucheka mwini wake. Pakuti ukakana kulowa, munthu akankha ndi mphamvu, ndipo ukaterereka palibe choubweza. Nolani kawirikawiri, ndi kumaliza pa chikopa chouma. Mpeni wakuthwa bwino usiya mtengo wonyezimira. Wobuntha usiya ubweya. Posema khalani pansi, zigongono zitsamire pamaondo, ndipo mtengo ukhale kutsogolo kwa maondo, osati pakati pa ntchafu, chifukwa m'kati mwa ntchafu mudutsa mtsempha waukulu wa mwazi, ndipo munthu wolasidwa pamenepo akhoza kufa asanafike kuchipatala. Dzanja logwira mtengo likhale kumbuyo kwa mpeni nthawi zonse. Semani tizipalapala tating'ono, motsetsereka ndi mitsempha. Mukaona mtengo uyamba kung'ambika patsogolo pa mpeni, tembenuzani, museme kuchokera mbali ina. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphunzitsi wina wa ku Sweden komweko, Otto Salomon, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1849 kufikira 1907, naphunzitsa aphunzitsi a ntchito za manja ku Nääs, anaika mpeni kukhala chipangizo choyamba cha wophunzira, nalangiza kuti munthu ayambe ndi chapafupi ndi kukwera pang'onopang'ono kufika pa chovuta. Ifenso titsata njira yomweyo: tiyamba ndi nguli, pambuyo pake ngolo.

KASEMEDWE KA NGULI

Tengani nthambi youma ya gwafa, yowongoka, yonenepa masentimita 5 kapena 6. Musaidule msanga, isiyeni yaitali ngati mkono kuti mukhale ndi pogwira. Pezani pakati penipeni pa nsonga yake, muikepo kadontho. Semani mozungulira, kutembenuza nthambi pang'ono pa kusema kulikonse, kufikira nsongayo isongoke molunjika pa kadontho kaja. Pamwamba pa posongokapo siyani thupi lozungulira, ndi kulemba timizere tiwiri kapena titatu tokuya pang'ono, togwira mkwapulo. Mukatha, dulani ndi macheka kuti nguli yonse italike masentimita 7 kapena 8.

Chinsinsi cha nguli ndi kulingana. Ikalemera mbali imodzi idzadzandira ndi kugwa msanga, ngakhale mwana aikwapule ndi mphamvu yotani. Iyeseni pa nthaka yolimba. Ikagwedezeka, gwirani khala pafupi nayo ilikuzungulira, kuti lingoikhudza. Pamene khala ladetsa ndi pamene patuluka kunja, ndipo mupalepo pang'ono. Bwerezani kufikira iime chilili ngati yagona tulo. Kunsonga musakhomeko msomali. Nguli ya msomali ikhalitsa, n'zoona, koma idumpha ikakwapulidwa, ndipo ana asewera opanda nsapato.

KAPANGIDWE KA NGOLO

Ngolo ifuna thabwa la pansi lotalika masentimita 20, m'mimba mwake 12, lochindikala sentimita imodzi ndi theka. Timatabwa tinayi ta m'mbali, ta msinkhu wa masentimita 5. Magudumu awiri a masentimita 8, ochindikala masentimita 2. Mtanda umodzi wozungulira wa gwafa, wonenepa sentimita imodzi, umene amisiri autcha ekiselo. Ndi tizipika tiwiri togwira mtandawo kunsi kwa ngolo.

Apa ndi pamene ambiri aphonya. Munthu aona nthambi yozungulira, nati, Magudumu ndi awa, ndingocheka. Koma kumbukirani zimene tanena za kufota kwa mtengo: gudumu lochekedwa panthambi lili ndi mtima pakati, ndipo lidzang'aluka kuchokera pabowo kufika kunja. Magudumu adulidwe pa thabwa louma. Ikani chivundikiro cha chitini pa pepala, zungulizani pensulo, dulani pepalalo, mulipinde pakati kawiri. Pamene mizere ikomana ndi pakati penipeni. Ligonekeni pathabwa, mulembe mzere wozungulira ndi kadontho ka pakati. Boolani bowo gudumu lisanadulidwe, thabwa likali lalikulu ndi losavuta kugwira. Pambuyo pake dulani ngondya zinayi, zikhale zisanu ndi zitatu. Dulaninso zimenezo, ndi kumaliza ndi tupa. Pomaliza pisani magudumu onse awiri pa kamtengo kamodzi, muwapale pamodzi, kuti alingane. Akasiyana, ngolo idzayenda mokhota.

Njira yabwino kwa ana aang'ono ndi iyi, kuti magudumu amatidwe pa mtanda kosachokanso, ndipo mtanda womwewo uzizungulira m'tizipika ta kunsi. Tsono mabowo a m'magudumu akhale othina, ndi a m'tizipika akhale otakasuka ndi milimita imodzi, kuti m'dzinja mtengo ukatupa ndi chinyontho mtanda usagwidwe. Pakani phula m'mabowo otakasukawo. Siyaninso kampata kochepa pakati pa gudumu ndi thupi la ngolo, kochepa kotero kuti chala cha mwana sichingalowemo.

Polumikiza musadalire misomali. Mwana akamenyetsa ngolo pansi misomali isukusika, nituluka, nichita dzimbiri. Musadalirenso guluu yekha, pakuti kunsonga kwa thabwa, kumene mitsempha ithera, mtengo umwa guluu ndipo sagwira bwino. Boolani timabowo todutsa matabwa onse awiri, pakani guluu woyera wa matabwa, mukhomeremo tizikhomo ta gwafa kapena ta nsungwi. Mangani ndi luzi kapena ndi mphira wa njinga, zigone usiku wonse, m'mawa mudule zotuluka ndi kupala. Gudumu lililonse lilandirenso chikhomo chake chopyola mpaka mumtanda. Kutsogolo lumikizani mtengo wokokera, wonenepa ngati chala chachikulu, wobuntha kunsonga. Ndipo mukasema ng'ombe ziwiri ndi goli lake, mwana ali nazo zonse zimene aona atate ake alikuchita.

ZA M'KAMWA MWA MWANA

Tsopano tifika pa mbali yolemera ya phunziro lathu. Mwana wosafika zaka 3 ayesa chinthu chilichonse ndi pakamwa, ndipo mmero wake ndi wopapatiza. M'maiko a ku Ulaya ndi ku America opanga zidole ali ndi muyeso woikika ndi lamulo: kachitini kozungulira, kotakasuka mamilimita 31.7, kokuya mamilimita 57 mbali yake yozama. Chinthu chilichonse cholowa chathunthu m'kachitinika chiyesedwa chotsamwitsa, ndipo sichiloledwa pa chidole cha mwana wa msinkhu umenewo. Inunso mukhoza kukhala ndi muyeso wotere. Funani nsungwi imene bowo lake lipitirira pang'ono masentimita 3, muidule masentimita 6 pamwamba pa mfundo, muisunge pamodzi ndi zipangizo zanu. Chidole chikatha, chigwetseni kangapo pa nthaka yolimba, mukoke magudumu ndi mphamvu, mupotoze nyanga ndi makutu. Chikathothoka kanthu kolowa m'nsungwi muja, chidolecho sichinathe. Zinthu zobulungira ngati mpira ziopsa koposa, chifukwa zitseka mmero kotheratu. Zisachepere masentimita 4 ndi theka. Maso a ng'ombe musaike a mikanda kapena a njere. Alembeni ndi chitsulo chamoto. Chingwe chokokera chisakhale pa chidole cha khanda, pakuti chikulunga pakhosi.

Kusalaza nakonso kuli ndi dongosolo lake. Yambani ndi sandipepa wokhakhala, wa nambala 80, mutsate ndi wa 120, ndi kumaliza ndi wa 220. Kumene kulibe sandipepa, masamba okhakhala a mitundu ina ya mkuyu agwira ntchitoyi kuyambira kale. Ngondya zonse zikhale zoundana. Mukayesa kuti mwatha, pukutani chidole ndi kansalu konyowa, chiume. Mudzamva kuti chamera ubweya, chifukwa madzi adzutsa mitsempha yodulidwa. Palaninso. Mukapanda kutero ndi madzi, malovu a mwana adzatero. Pomaliza chiyendetseni pa tsaya lanu. Chimene chikanda tsaya la munthu wamkulu chidzacheka mlomo wa khanda.

Za utoto tinene mosabisa. Akavalo a ku Dalarna akongola ndi utoto wawo, koma lero ambiri a iwo aikidwa pa alumali kukongoletsa nyumba, saperekedwa kwa makanda. Penti wa mafuta wopaka zitseko ndi zitsulo, makamaka wofiira ndi wachikasu, nthawi zina ali ndi mtovu. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana uwononga ubongo umene ulikukula; mwanayo saoneka wodwala, koma nzeru zake zichepa, ndipo chotayikacho sichibwerera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linena kuti palibe muyeso wa mtovu m'mwazi umene udziwika kuti uli wosavulaza. Ku America analetsa penti wa mtovu pa zidole mu 1978, komabe mu June 2007 zidole za sitima zamtengo zokwana 1.5 miliyoni zinaitanidwa kuti zibwezedwe, chifukwa penti wake anapezeka ndi mtovu. Ngati ichi chinachitika kwa opanga aakulu okhala ndi oyesa awo, nanga ife ndi chitini chotsala chimene sitidziwa kumene chinachokera? Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Chidole chopanda utoto sichichepa kanthu m'maso mwa mwana. Wofuna kukongoletsa alembe mizere ndi chitsulo chamoto, kapena alumikize mitengo iwiri yosiyana maonekedwe, monga malaina oyera ndi mlombwa wofiirira.

Chodzoza chabwino ndi phula la njuchi. Sungunulani gawo limodzi la phula ndi magawo anayi a mafuta a kokonati, m'kachitini koimika m'madzi otentha, osati pamoto penipeni, chifukwa phula ligwira moto. Zikazizira pakani ndi kansalu, mudikire ola limodzi, mupukute kolimba kufikira chidole chileke kunona. Kumene kulibe mafutawo, phula lokha likwanira, mukalitikita pa mtengo wofunditsidwa padzuwa. Oilo wa galimoto, polishi wa nsapato ndi vanishi wosadziwika zisayandikire konse.

Ntchito ya wosema siithera pa tsiku lopereka. Mwezi ndi mwezi tengani chidolecho, muone ngati chang'aluka kapena chasukusika, muchikonze. Ndipo m'nyumba mokhala ana a misinkhu yosiyana, wamkulu aphunzitsidwe kusunga nguli yake ndi tizinthu take tating'ono posafikira mng'ono wake wokwawa.

ZA MWANA WOFUNA KUTHANDIZA

Mudzaona kuti posachedwa ana adzakuzingani, nadzapempha mpeni. Musawapirikitse. Wamng'ono mpatseni sandipepa kapena kansalu ka phula. Wokulirapo agwire thabwa pamene mulikucheka, alembe mizere, aphunzire maina a mitengo, yabwino ndi yoipa yomwe. Amene mwaona kuti amva kulangiza mumpatse mpeni, inu muli pambali pake, ayambe ndi kusongola mthiko wa kumasanje. Atsikana asasiyidwe kunja, pakuti dzanja lawo siliperewera pa la anyamata. Ndipo chimene mwana wasema, chingakhale chopotoka, musachilande kuti muchikonze. Muonetseni pa kamtengo kena, abwereze yekha. M'mera m'poyamba. Mwana wophunzira kupala ngondya chifukwa cha mlomo wa mng'ono wake waphunzira kuganizira mnzake pa ntchito, ndipo adzatero pomanga nyumba ndi pokonza ngolo yeniyeni.

MAFUNSO OKAMBIRANA

Powerenga phunziroli pamodzi, funsanani mafunso awa, ndipo amene adziwa kusema aonetse anzake ndi manja.

1. Tchulani zinthu zitatu zimene tiphunzira kwa osema akavalo a ku Dalarna.
2. Chifukwa ninji gudumu lochekedwa panthambi ling'aluka?
3. Miyendo ya ng'ombe iyang'ane kuti, poyerekeza ndi mitsempha ya mtengo?
4. Ndi mitengo iti ya kwanuko imene akulu aidziwa kuti ili ndi poizoni? Itchuleni maina, ana amve.
5. Nsungwi yoyesera ikhale yotakasuka bwanji, ndipo iyesa chiyani?
6. Penti wa mtovu achita chiyani m'thupi la mwana?

Amene mulibe mtengo wouma, wazani nthambi zanu sabata ino ndi kuzisanja pamthunzi, kuti zidzakhale zitauma pofika nthawi yosema. Amene muli nawo, yambani ndi nguli.